Wofuna mpando woyang'anira mavoti anene kaye zimene adzakane kuchita

Ku America kuli mpando wina umene kwa zaka zambiri anthu ankauvotera ngati ali m'tulo. Munthu amalowa m'kachipinda kovotera, nkuchonga pulezidenti, nkuchonga bwanamkubwa, ndipo akafika pa dzina la Secretary of State amangoyang'ana chipani basi. Si nduna yoona za maiko akunja ija yokhala ku Washington ayi, ngakhale dzina ndi lomwelo. Uyu ndi mlembi wamkulu wa chigawo chimodzi, monga Georgia, Michigan kapena Arizona. Mwa zigawo 50 za dzikolo, 47 zili ndi ofesiyi, ndipo mu 35 mwa izo mlembiyo amasankhidwa ndi anthu pa chisankho. Ku Alaska, Hawaii ndi Utah kulibe, ntchito zake amagwira ndi wachiwiri kwa bwanamkubwa. M'zigawo zambiri mlembiyu ndiye mkulu woyang'anira zisankho.

Tulo tija tinatha mu 2020, pomwe a Donald Trump anakana kuvomereza kuti aluza chisankho cha pulezidenti. Lero wopikisana pa mpandowu amatolera ndalama zankhaninkhani za kampeni, amaoneka pa kanema usiku ndi usana, ndipo mfundo zake zimamveka ngati za munthu wofuna kulamulira dziko lonse. Ine ndikuti mfundo zoterozo nzokayikitsa. Munthu woyenera ofesiyi umamudziwira pa malonjezo ochepa, osasangalatsa kumva, ndipo oyamba mwa malonjezowo ayenera kukhala omanga manja ake omwe.

Vuto lagona pakuti amene amayang'anira chisankho ndi wandale wa chipani. Amaima pa tikiti ya Republican kapena Democrat, amadutsa pa chisankho chachipulula, amapempha thandizo kwa akuluakulu a chipani, kenaka mawa lake nkukhala woyang'anira mpikisano womwe chipani chake chikupikisana nawo. Zili ngati woimbira mpira wa Bullets ndi Wanderers kulowa m'bwalo atavala yunifomu ya timu imodzi, nkumati musadandaule, ndiimba mwachilungamo. Mwina aimbadi bwino. Koma penate yoyamba ikangoperekedwa ku timu yakeyo, palibe amene adzakhulupirire.

Zoterezi zinachitikapo kale kambirimbiri. Mu 2000 mayi Katherine Harris anali mlembi wa Florida, komanso anali mmodzi wa apampando a kampeni ya a George W. Bush m'chigawomo. Ndi iwo amene anasainira zotsatira zoti a Bush apambana a Al Gore ndi mavoti 537 okha, pa mavoti pafupifupi 6 miliyoni, ndipo mavoti 537 amenewo ndi omwe anapereka upulezidenti wa dziko lonse. Kaya mayiwo anatsata lamulo mzere ndi mzere kapena ayi, theka la dziko silinawakhulupirire, ndipo simungawaimbe mlandu anthu okayikawo. Patapita zaka zinayi, ku Ohio, a Ken Blackwell anachitanso chimodzimodzi: mlembi wa chigawo masana, wapampando wa kampeni ya a Bush madzulo. Iwowa anafika polamula kuti mafomu olembetsera kuvota akanidwe ngati sanasindikizidwe pa pepala lokhuthala la mulingo wina wake. Anthu atachita phokoso lamulolo linachotsedwa, koma tangoganizani munthu kulephera kuvota chifukwa cha kupyapyala kwa pepala.

Kuposa apo, pali alembi amene amayang'anira chisankho chimene iwo eni akupikisana nawo. Mu 2018 a Brian Kemp a ku Georgia anaimira ubwanamkubwa akadali pa mpando wa ulembi. Kutatsala milungu yochepa kuti anthu avote, kunamveka kuti maina oposa 50,000 a anthu olembetsa anali ataimikidwa kaye chifukwa cha lamulo loti dzina la pa fomu lifanane ndendende ndi la m'mabuku ena a boma, ndipo ambiri mwa anthuwo anali akuda. A Kemp anapambana mayi Stacey Abrams ndi mavoti pafupifupi 55,000, nkutula pansi udindo wa ulembi patatha masiku awiri chisankho chitachitika. Chaka chomwecho ku Kansas a Kris Kobach, omwenso anali mlembi, anapambana chisankho chachipulula cha ubwanamkubwa ndi mavoti 343, ndipo anachita kukakamizidwa kuti achotse dzanja lawo pa ntchito yowerengera. Wina asaganize kuti ndi matenda a chipani chimodzi. Mayi Katie Hobbs a Democrat ku Arizona anaimira ubwanamkubwa mu 2022 ali mlembi, anakana kupatuka, nkupambana ndi mavoti pafupifupi 17,000. Makhothi sanapeze chinyengo chilichonse, komabe mayiwo anapatsa adani awo nyimbo yoimba kwa zaka.

Choncho ndikanakhala wovota wa ku Atlanta kapena ku Phoenix, funso langa loyamba kwa wopikisana likanakhala lakuti: kodi mukulonjeza kuti simudzakhala mu komiti ya kampeni ya munthu aliyense, simudzaima pa nsanja kuchemerera wopikisana aliyense, ndipo tsiku lomwe mudzafune mpando wina mudzatula pansi udindo kapena kupereka ntchito ya chisankhocho kwa wina? Funsoli silinathe ntchito. Mu 2025 a Brad Raffensperger a ku Georgia, mayi Jocelyn Benson a ku Michigan ndi mayi Shenna Bellows a ku Maine onse analengeza kuti akufuna ubwanamkubwa ali pa mpando wa ulembi. Awiri oyambawo ndi anthu amene anatchuka chifukwa cholimba mtima mu 2020. Kulimba mtima kwa dzulo sikuchotsa funsolo.

Lonjezo lachiwiri ndi lolemera kuposa loyambalo, ndipo nkhani ya a Raffensperger ndi imene imalionetsa bwino. Iwowa ndi injiniya, munthu wa Republican weniweni, amene ananena poyera kuti anavotera a Donald Trump. Mu Novembala 2020 zotsatira za ku Georgia zinaonetsa kuti a Joe Biden atsogola pang'ono. Mavoti pafupifupi 5 miliyoni anawerengedwanso pamanja m'ma county (maboma ang'onoang'ono) onse 159 a chigawocho, anawerengedwanso kachitatu pa makina, ndipo pamapeto pake kusiyana kunali mavoti 11,779. Pa 2 Januwale 2021 a Trump, akadali pulezidenti, anaimbira foni a Raffensperger nkulankhula nawo pafupifupi ola lathunthu. Mawu amene dziko lonse linamva foniyo itaulutsidwa ndi oti iwo akungofuna kupeza mavoti 11,780. Imodzi yokha pamwamba. A Raffensperger anawayankha modekha kuti manambala amene a pulezidenti anali nawo ndi olakwika.

Panalibe lamulo latsopano limene anapanga tsiku limenelo, panalibe chitukuko chimene anabweretsa. Anangokana. Ntchito yaikulu kwambiri imene mlembi wa chigawo anagwirapo m'zaka zaposachedwapa inali kunena kuti ayi kwa mtsogoleri wa chipani chake chomwe. Malipiro ake anali kuopsezedwa kuti aphedwa, iwo ndi akazi awo, ndipo aphungu a chipani chawo m'nyumba ya malamulo ya Georgia anawachotsa pa upampando wa bungwe la zisankho la chigawocho mu 2021. A Trump anaika munthu wawo, a Jody Hice, kuti awagwetse pa chisankho chachipulula cha 2022. Ovota a Republican omwewo anasankhabe a Raffensperger ndi mavoti oposa theka. Ku Michigan, mu Disembala 2020, gulu la anthu otsutsa zotsatira za chisankho, ena atanyamula mfuti, linasonkhana usiku kunja kwa nyumba ya mayi Benson ku Detroit. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wofuna mpandowu adziwiretu kuti nkhonya zopweteka kwambiri zimachokera kwa anzake a chipani.

Nchifukwa chake wopikisana amene sangathe kuyankha mwachindunji akafunsidwa kuti, chipani chanu chikaluza ndi mavoti 500 mudzasainira zotsatira kodi, ameneyo wadzichotsa yekha pa mndandanda. Mu 2022 anthu angapo anaima pa mpandowu ndi mfundo imodzi yaikulu, yoti chisankho cha 2020 chinabedwa: a Mark Finchem ku Arizona, a Jim Marchant ku Nevada, mayi Kristina Karamo ku Michigan. Onse atatu anagwa. Ku Colorado mayi Tina Peters, omwe anali mkulu wa zisankho ku Mesa County, analola munthu wakunja kukopera zomwe zinali m'makina ovotera, kenaka nkuimira ulembi wa chigawo. Anagwa pa chipulula, ndipo mu 2024 khothi linawagamula kuti akakhale kundende zaka 9. Ovota anaonetsa nzeru pamenepa, koma sikuti anagwetsa onse a maganizo amenewa kulikonse, ndipo si nzeru kudalira kuti adzatero nthawi zonse.

Kukana kuja kuyenera kugwira mbali zonse. Mu Disembala 2023 mayi Bellows a Democrat analamula kuti dzina la a Trump lisakhale pa pepala lovotera la chipulula ku Maine, ponena kuti anatenga mbali pa kuukira boma kwa pa 6 Januwale 2021, pomwe otsatira awo anathyola nkulowa m'nyumba ya malamulo ku Washington. Ambiri odana ndi a Trump anaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo. Lamulo la ku Maine linkawapatsadi udindo womva dandaulo lotero, koma munthu mmodzi wa chipani china kuchotsa mtsogoleri wa chipani chinzake pa pepala lovotera ndi mphamvu imene simungafune kuti igwere m'manja mwa mdani wanu. Mu Malichi 2024 khothi lalikulu la dzikolo linagamula pa mlandu wofanana nawo wa ku Colorado kuti chigawo sichingachite zimenezo kwa wopikisana pa upulezidenti, ndipo mayiwo anabweza chigamulo chawo.

Tsopano tibwere ku malonjezo amene amakoma m'khutu. Lotchuka kwambiri ndi lothana ndi kubera mavoti. Palibe amene amafuna kuti akufa azivota kapena kuti munthu avote kawiri, ndipo kusesa kaundula wa ovota ndi ntchito yeniyeni ya ofesiyi. Koma taonani zimene zinachitika ku Kansas. A Kobach anamenyera lamulo loti aliyense wolembetsa aonetse chikalata chotsimikiza kuti ndi nzika, monga pasipoti kapena setifiketi yobadwira. Nkhaniyo itafika ku khothi mu 2018, woweruza anapeza kuti anthu osakhala nzika amene anakwanitsa kulembetsa pa zaka zoposa khumi anali 39, pomwe anthu oposa 30,000 anali atatsekeredwa kunja ndi lamulolo. Lamulolo linathetsedwa. Ovota ali ndi ufulu wofunsa wopikisana aliyense wolankhula za chinyengo kuti: mukufuna kugwira angati, ndipo osalakwa amene mudzawatsekere pakhomo ndi angati?

Ku Alabama a Wes Allen anachita kampeni mu 2022 polonjeza kuti adzatulutsa chigawocho mu ERIC, mgwirizano umene zigawo zisanu ndi ziwiri zinayambitsa mu 2012 kuti zizigawana maina a ovota amene asamuka kapena amwalira. Atangolowa mu ofesi mu Januwale 2023 anakwaniritsa lonjezo lawo. Zigawo zina za Republican, monga Florida, Ohio ndi Texas, zinatulukanso chaka chomwecho. Chodabwitsa nchakuti mgwirizanowu ndi chida chimene chimathandiza kugwira munthu wovota m'zigawo ziwiri, chinthu chomwe anthu omwewa amati akulimbana nacho. A Raffensperger anakana kutuluka. Apa mpamene munthu amaona kuti lonjezo likhoza kukwaniritsidwa tsiku loyamba koma ntchito nkubwerera m'mbuyo.

Lina ndi loti tisiye makina, tiziwerenga mavoti onse pamanja. Kwa ife a kuno limamveka lanzeru, chifukwa ndi mmene timachitira: bokosi kulitsegula pa sukulu pomwe tavotera, mamonitala a zipani ali pompo, nyali ili pa desiki, pepala lililonse kulikweza m'mwamba kuti onse aone. Koma pepala lathu limakhala ndi mpikisano umodzi, la pulezidenti palokha, la phungu palokha, la khansala palokha. Pepala limodzi la ku America limanyamula mipando yambirimbiri, kuyambira pulezidenti, maseneta, oweruza, mkulu wa apolisi wa county mpaka komiti ya sukulu, kuphatikizapo mafunso a riferendamu. Ku Nye County, ku Nevada, anayesa kuwerenga pamanja mu 2022. Atolankhani anaona magulu a anthu asanuasanu akutha maola pafupifupi atatu pa mapepala 50, manambala akusemphana, nkumabwerezanso. Chomwe chinapulumutsa Georgia mu 2020 sichinali kutaya makina. Chinali chakuti chaka cha 2019 chigawocho chinagula makina atsopano, a ndalama zoposa madola 100 miliyoni, amene amatulutsa pepala pa voti iliyonse. Kuyambira 2002 ankagwiritsa ntchito makina osasiya pepala lililonse. Kukanakhala kuti akale aja analipobe, sipakanakhala chowerenganso pamanja, ndipo a Raffensperger akanangotsala ndi mawu awo okha potsutsana ndi pulezidenti. Nkhani ya kugula zipangizo, imene palibe amene angaivinire pa msonkhano, ndiyo inawapatsa poimira.

Ndiye pali anthu amene amagwiradi ntchitoyo. Mlembi wa chigawo sawerenga voti ngakhale imodzi. Zisankho za ku America zimayendetsedwa ndi maofesi a m'ma county ndi m'matauni. Ku Michigan kokha alembi a m'madera otere ndi oposa 1,500. Ambiri ndi amayi achikulire a malipiro ochepa, othandizidwa ndi anthu ongodzipereka. Chichokereni 2020 ambiri asiya ntchito chifukwa cha kuopsezedwa. Ku Fulton County, ku Georgia, mayi wina ndi mwana wake wamkazi amene ankawerenga nawo mavoti ananamiziridwa kuti anabweretsa mavoti abodza, mpaka mayiyo anathawa pakhomo pake. Mu 2023 khothi linalamula a Rudy Giuliani, omwe anali loya wa a Trump, kuti awalipire madola 148 miliyoni chifukwa chowaipitsira mbiri. Ku Nevada a Cisco Aguilar, popikisana pa mpando wa ulembi mu 2022, anaika chitetezo cha ogwira ntchito za chisankho patsogolo pa kampeni yawo, ndipo mu 2023 lamulo loti kuopseza wogwira ntchito yotere ndi mlandu waukulu linasainidwa ndi bwanamkubwa wa Republican, a Joe Lombardo. Imeneyo ndiye mfundo ya munthu amene waimvetsa ofesi: yaing'ono, yotheka, yoti mungabwere pakatha chaka kudzaona ngati yachitika. Mlembi amafunikanso msana wokakamiza ma county osamvera. Mu 2022 akuluakulu a Otero County ku New Mexico ndi a Cochise County ku Arizona anakana kusainira zotsatira, ndipo alembi a zigawozo anachita kupita ku khothi kuti awakakamize.

Pali mbali ina ya ofesiyi imene opikisana ambiri amaiiwala chifukwa ilibe makamera. M'zigawo zambiri mlembi ndiye amalembetsa makampani ndi mabizinesi. Ku Georgia ofesi yake imaperekanso ziphaso kwa anamwino, ometa tsitsi ndi ena a ntchito zamanja. Ku Michigan ndi ku Illinois ndi imene imapereka laisensi yoyendetsera galimoto, ndipo ku Illinois mlembi sayendetsa nkomwe zisankho. Mayi Benson pa kampeni yawo ya 2018 analonjeza kuti munthu sadzadikira mphindi zoposa 30 pa mzere wa ku ofesi za malaisensi. Ena anaseka, koma ndi lonjezo loti wovota aliyense akhoza kuliyeza ndi wotchi yake.

Amene akuyesa kuti za malaisensi nzachibwana amve za a George Ryan, mlembi wa Illinois kuyambira 1991 mpaka 1999. Mu nthawi yawo ogwira ntchito ena ankagulitsa malaisensi a mathiraki kwa anthu osadziwa kuyendetsa, ndipo zina mwa ndalama za ziphuphuzo zinkathera mu thumba la kampeni ya bwana wawo. Mu Novembala 1994, pa msewu wina pafupi ndi Milwaukee, chitsulo chinagwa kuchokera pa thiraki, nkuboola thanki ya mafuta ya galimoto ya banja lina imene inali m'mbuyo. Galimotoyo inayaka, ana asanu ndi mmodzi a banja limodzi nkufa. Woyendetsa thirakiyo anali atapeza laisensi yake mwa chiphuphu. A Ryan anapitirira kukhala bwanamkubwa, koma kafukufuku anawalondola mpaka mu 2006 pomwe anapezeka olakwa pa milandu ya katangale nkugamulidwa zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka.

Wina anganene kuti zonsezi nkutaya nthawi, vuto ndi dongosolo lenilenilo, ndipo mankhwala ake nkuchotsa zisankho m'manja mwa andale nkuzipereka ku bungwe loima palokha monga amachitira maiko ambiri. Ndikugwirizana naye theka. Dongosolo la ku America ndi lachilendodi, ndipo dziko limene langoyamba kumene demokalase silingalangizidwe kuti litengere. Koma ife a ku Malawi tikudziwa kuti dzina loti bungwe loima palokha si chitetezo chokwanira. Bungwe lathu la MEC limatsogoleredwa ndi woweruza wa khothi, komabe zotsatira za pa 21 Meyi 2019 zinadza ndi mapepala ofufutidwa ndi tipeksi, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anathetsa chisankho cha pulezidenti chonsecho. Ku America komweko, Wisconsin inali ndi bungwe la oweruza opuma pa ntchito loyang'anira zisankho, ndipo aphungu atakwiya nalo analithetsa, nkuikapo lina la oimira zipani mu 2016. Ku Florida, pambuyo pa mayi Harris, mlembi anasiya kusankhidwa ndi anthu, tsopano amachita kuikidwa ndi bwanamkubwa, zomwe zangosamutsa funso la kukhulupirika kuchoka kwa chipani kupita kwa munthu mmodzi. Kusintha malamulo oyendetsera zigawo 35 si ntchito ya chaka chino kapena chamawa. Pakadali pano mipandoyo ilipo, ndipo wina aikhala.

Ndipo zatheka kuti wandale aigwire bwino. A Michael Adams a Republican ku Kentucky analowa mu ofesi mu 2020, mliri wa Covid-19 uli pakhomo. Anakhala pansi ndi bwanamkubwa wa Democrat, a Andy Beshear, nkugwirizana njira zoti anthu avote mosaika moyo pachiswe. Chaka chotsatira, pomwe zigawo zina zinkakokanakokana pa malamulo a zisankho, Kentucky inakhazikitsa lamulo lovomerezedwa ndi zipani zonse ziwiri lopatsa anthu masiku atatu ovota tsiku lenileni lisanafike. A Adams omwewo anali atamenyeranso lamulo loti wovota azionetsa chitupa chokhala ndi chithunzi, lomwe a Democrat ambiri sankalifuna. Mbali iliyonse inapeza chowadandaulira. A m'chipani chawo ena anawaukira pa chipulula cha 2023 chifukwa chokana kunena kuti zisankho zimabedwa, koma anapambana, nkupambananso chisankho chachikulu cha chaka chomwecho.